Chowotchera ma CD: chotchipa, chapakati kapena chodula? Ganizirani izi musanatulutse madola

Amene wagula laputopu m'zaka zaposachedwapa akudziwa kale kuti malo olowetsera CD anatha. Apple inawachotsa pa MacBook Air mu 2008, makampani ena n'kumatsatira pang'onopang'ono, moti lero kupeza laputopu yatsopano yokhala ndi draivu yake ndi mwayi. Koma CD yeniyeniyo mu Harare muno sinafe. Makwaya a m'mipingo yathu, kaya ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose kapena ku Mabvuku, akajambula nyimbo amafunabe chimbale chogwirika m'manja choti agulitse pa tsiku lokhazikitsa. Amayi a chigwirizano akamatumiza nyimbo kwa agogo kumudzi ku Dedza kapena ku Ntcheu amadziwa kuti kumeneko kuli wailesi ya ma CD imene ikugwirabe ntchito. Ndipo aliyense amene anapitako kukajambulitsa m'thupi ndi makina a CT scan amadziwa kuti nthawi zambiri zithunzi zake amakupatsirani pa chimbale.

Palinso nkhani ya galimoto. Zambiri zimene zikuyenda m'misewu yathu ndi zakale zochokera ku Japan, ma Honda Fit ndi ma Toyota Wish amene adzaza tauni yonseyi. Wailesi zake zinapangidwira FM ya kwawo, yoyambira pa 76 kulekezera pa 90 MHz, pamene masiteshoni athu ambiri ali pamwamba pa 90. Mwini galimoto amene sanasinthe wailesi amatsala ndi kabowo ka CD basi. Ndiye chifukwa chake funso la chowotchera ma CD, draivu yojambulira nyimbo kapena mafayilo pa chimbale, limabwerabe pa misonkhano ya komiti ya kwaya, ndipo msungichuma amafuna yankho lomveka asanatsegule thumba.

Mukazungulira masitolo, kuyambira m'timashopu tothinana ta ku Gulf Complex mpaka m'masitolo ozizira a ku Avondale ndi ku Borrowdale, mupeza magulu atatu. Pali madraivu opyapyala a USB opanda dzina lodziwika. Pali opyapyala omwewo koma a makampani odziwika monga LG, ASUS, Lite-On ndi Verbatim. Ndiye pali odula: akuluakulu okhala ndi adaputa yawoyawo ya magetsi, komanso owotcha Blu-ray. Maganizo anga ndi akuti anthu ambiri a ife tiyenera kugula chapakaticho, ndipo ndalama yotsalayo tiiwonongere pa zimbale zabwino. Koma pali anthu ena amene malangizo amenewa sawayenera, ndiye tiyeni tione bwinobwino.

Pa CD-R, chimbale chopanda kanthu chowotcherapo, pali utoto wopyapyala kwambiri umene uli pakati pa pulasitiki ndi kachitsulo konyezimira. Chowotchera chimawalitsa laser ya 780 nm pa utotowo n'kusiya timadontho timene wailesi imadzawerenga ngati nyimbo. Laser imeneyi imakalamba. Ikafooka, timadonthoto sitioneka bwino, ndipo chimbale chimene chikulira bwinobwino pa kompyuta yanu chimakadumpha kapena kukanika m'galimoto ya munthu amene wakulipirani kale. Kusiyana kwenikweni pakati pa chotchipa ndi chapakati kwagona pamenepa.

Makampani opanga zam'kati mwa madraivu ndi ochepa kwambiri padziko lonse, ndipo akucheperachepera. Ndiye dzifunseni kuti kadraivu kopanda dzina, kogulitsidwa pa mtengo wa chakudya cha masana cha anthu awiri, kapeza kuti makina atsopano. Tambiri mwa timeneti ndi madraivu ochotsedwa m'malaputopu akale n'kuvekedwa kabokosi katsopano konyezimira. Sikuti onse ndi oipa ayi. Ena anachokera m'malaputopu a mu ofesi amene sanawotchepo chimbale n'chimodzi chomwe, ndipo angakutumikireni zaka. Vuto ndi loti simudziwa amene mwatenga, ndipo ngakhale wogulitsayo sadziwa.

Pali njira yapafupi yodziwira. Lumikizani draivuyo ku laputopu ya Windows, tsegulani Device Manager, muone dzina limene latuluka pansi pa madraivu a DVD ndi CD. Kabokosi kanganame koma dzina la mkatili silinama. Likayamba ndi HL-DT-ST, makinawo ndi a Hitachi-LG. MATSHITA ndi Panasonic. TSSTcorp ndi kampani imene Toshiba ndi Samsung anapangira limodzi, ndipo inasiya kupanga madraivu cha mu 2016. Choncho mnyamata wa pa kauntala akalumbira kuti katunduyo wangotsika kumene pa ndege, koma kompyuta ikulemba TSSTcorp, dziwani kuti chatsopano ndi kabokosi kokha.

Musakopekenso ndi mawu akuti USB 3.0 olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni. Liwiro la 1x pa CD ndi pafupifupi 150 KB pa sekondi, kutanthauza kuti 24x ndi 3.6 MB pa sekondi. USB 2.0 yakale ija imanyamula kuposa pamenepa kangapo. Chimene pulagi ya buluu ya USB 3.0 imathandiza ndi mphamvu ya magetsi: doko la USB 2.0 limapereka 500 mA pamene la USB 3.0 limapereka 900 mA. Draivu ikayamba kuwotcha imakoka mphamvu yambiri kuposa powerenga, ndipo pa laputopu yakale mumamva ikuzungulira, kuima, kuyambanso, kenako uthenga woti zakanika. N'chifukwa chake madraivu ena amabwera ndi chingwe cha mitu iwiri, kuti atunge mphamvu m'madoko awiri. Mukachipeza m'katoni musachitaye, ndipo musalumikize draivu kudzera pa kabokosi kochulukitsira madoko kopanda magetsi akeake.

Kodi chotchipacho n'cha ndani? Cha mwana wa sukulu amene akufuna kutsegula chimbale chimodzi chimene chinabwera ndi buku, kapena munthu amene akufuna kukopera zithunzi za kuchipatala kuti atumizire dokotala. Kuwerenga sikufuna mphamvu yambiri ngati kuwotcha, ndipo draivu yokalamba imatha kuwerenga bwinobwino kwa nthawi yaitali itasiya kale kuwotcha zodalirika. Pa ntchito yotere palibe chifukwa chowonongera ndalama.

Chapakati chija, cha LG kapena ASUS kapena anzawo, kunja sichisiyana kwenikweni ndi chotchipa. N'chopyapyala, chimawotcha CD pa 24x ndi DVD pa 8x, chimadya magetsi a pa USB. Chimene mukulipira ndi makina atsopano, laser yosagwirapo ntchito, ndi waranti ngati mwagula m'sitolo yopereka lisiti. Chimbale chodzaza cha mphindi 80 chimatha pa mphindi 5 kapena 6, chifukwa 24x yolembedwayo imafikidwa chakumapeto kwa chimbale kokha, poyambira draivu imayenda pang'onopang'ono. Kwa kwaya yofuna makope makumi awiri kapena atatu, ofesi ya mpingo, sukulu, kapena wojambula zithunzi za maukwati amene makasitomala ake ena amafunabe chimbale, ichi n'chokwanira.

Zofooka zake zilipo. Kathireyi kake n'kosalimba, ndipo chimbale mumachita kuchikanikizira pa kamutu ka pakati ndi zala, diso la laser lili poyera pafupi pomwepo. M'nyumba ya ana ambiri kapena mu ofesi imene aliyense amagwira chilichonse, sichichedwa kuthyoka. Chimatenthanso mukachiwotchetsa zimbale zotsatizana osachipumitsa, makamaka m'mwezi wa October. Fumbi la mu August ndi September nalo ndi mdani wake, choncho chisungeni m'kathumba osati pa tebulo.

Tsopano zodula. Apa anthu ambiri amasokonezeka chifukwa pali zinthu ziwiri zosiyana zimene zimatchedwa zapamwamba.

Choyamba ndi chowotchera Blu-ray. Mtengo wake umaposa wa chapakati kangapo, ndipo ndalama yowonjezerayo imapita ku laser ina ya buluu ya 405 nm yowotchera zimbale za 25 GB kapena 50 GB. Mukaikamo CD wamba, laser ya buluuyo imangokhala, ntchito n'kugwiridwa ndi ya 780 nm yomwe ija imene ilinso m'chapakati. Kugula Blu-ray kuti muziwotchera nyimbo za kwaya kuli ngati kugula thalakitala kuti mulimire kadimba ka mpiru kuseri kwa nyumba. Amene chimamuyenera ndi wojambula mavidiyo amene akufuna kusunga mafayilo akuluakulu kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale iyeyo ayambe wafufuza ngati zimbale za Blu-ray zopanda kanthu angazipeze mosavuta m'tauni muno. Madraivu a Pioneer anatchuka chifukwa cha luso lotchedwa PureRead, limene limabwereza kuwerenga malo okalika pa CD ya nyimbo m'malo mongodumphapo, koma Pioneer inatuluka mu bizinesi imeneyi mu 2025, moti otsalawo akwera mtengo. Mudzaonanso mawu akuti M-DISC pa makatoni ambiri. Zimbale zimenezi zinapangidwa kuti zikhalitse, koma zilipo za DVD ndi Blu-ray zokha. Pa CD mawuwo alibe ntchito.

Chachiwiri ndi draivu yaikulu ya mtundu wa m'makompyuta a pa desiki. Iyi ndiye yamphamvu zenizeni pa ntchito ya ma CD. Imafika 48x, thireyi yake imatuluka ndi kulowa yokha ndi mota, chimbale mumangochigoneka osachikanikiza, ndipo simatopa msanga. Yogulitsidwa m'bokosi lake lakunja ndi adaputa imadula. Koma pali chinsinsi chimene ogulitsa sakonda kunena: ngati mu ofesi ya mpingo kapena kunyumba muli kompyuta ya pa desiki yokhala ndi malo opanda kanthu kutsogolo, draivu yomweyo yomangira mkati, yolumikiza ndi chingwe cha SATA, nthawi zambiri imatchipa kuposa yopyapyala ya dzina. Masikuluwu anayi ndi zingwe ziwiri, ntchito yatha. Pa zonse zimene ndatchula, iyi ndiye imabweza ndalama yake mokwanira.

Komatu tili mu Harare, ndipo pano chilichonse chodalira soketi ya pakhoma chimadalira ZESA, kampani yopereka magetsi m'dziko muno. Tonse tikukumbukira 2019, pamene madzi anatsika ku Kariba magetsi n'kumazima mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo vutoli linabwereranso kumapeto kwa 2022. CD-R imawotchedwa kamodzi kokha. Magetsi akathima ili pakati, chimbalecho chatayika. Madraivu onse a masiku ano ali ndi chitetezo choti kompyuta ikachedwa kutumiza nyimbo, laser imaima n'kudzapitiriza pomwe inalekezera, luso limene Sanyo inabweretsa cha mu 2000 pa dzina la BURN-Proof. Koma chitetezo chimenechi sichithandiza magetsi akazima. Apa m'pamene kadraivu kopyapyala kamapambana chimkulu chake: kamadya kuchokera ku batire la laputopu, moti magetsi akapita inu mumangopitiriza. Draivu yaikulu imafuna UPS (kabokosi ka batire kopitiriza magetsi akazima), inveta kapena sola, ndipo magetsi akabwerera mwamphamvu adaputa yake ndiyo imayamba kupsa. Ngati kwanu kulibe zimenezi, werengerani mtengo wake pamodzi ndi wa draivuyo musananene kuti mwapeza yabwino.

Ndinanena kuti ndalama yotsala ipite ku zimbale, ndipo apa ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa madandaulo ambiri amene anthu amaunjikira chowotchera amachokera ku zimbale zopanda kanthu. Utoto wa pa CD-R uli wa mitundu itatu: cyanine, phthalocyanine ndi azo. Kampani ya ku Japan ya Taiyo Yuden, imene inathandiza kuyambitsa CD-R mu 1988, ndiyo inkapanga zimbale zimene akatswiri ankazikhulupirira kwambiri, koma inasiya mu 2015 ndipo luso lake linapita ku CMC Magnetics ya ku Taiwan. CMC yomweyo inagulanso Verbatim kuchokera ku Mitsubishi Chemical. Lero zimbale zambiri za mayina osiyanasiyana zimachokera m'mafakitale ochepa, koma fakitale imodzi imatulutsa magiredi osiyana, ndipo zotsika kwambiri ndi zimene zimagulitsidwa chimodzichimodzi popanda chikuto.

Utoto umenewu umaopa dzuwa ndi kutentha. Chimbale chimene chakhala pa katoni m'mbali mwa msewu pafupi ndi Copacabana kapena ku Market Square, dzuwa likuchiwomba tsiku ndi tsiku, chayamba kale kuwonongeka musanachigule. Gulani mulu wosatsegula, wa 25 kapena 50, wa dzina lodziwika, m'sitolo ya denga. Draivu yapakati yokhala ndi zimbale zabwino imatulutsa ntchito yoposa ya draivu yodula yodyetsedwa zimbale za pa msewu. Muwauzenso ogula anu kuti asamasiye chimbale pa dashibodi.

Anthu ambiri amasamala mbali ya pansi yonyezimira, koma mbali yosalimba ndi ya pamwamba. Pansi pali pulasitiki yochindikala 1.2 mm, pamene pamwamba nyimbo zanu zatetezedwa ndi kavanishi kopyapyala kwambiri. Mukalemba dzina la kwaya ndi bolopeni mukukanda nyimbo zenizenizo. Gwiritsani ntchito cholembera chofewa cha inki. Mapepala omata nawo ndimawakana: m'galimoto yotentha amamatuka n'kukakamira m'kati mwa wailesi, ndipo mwini galimotoyo adzakusakani pa Sabata. Ngati mukufuna chimbale chooneka bwino, pali zimbale zoyera pamwamba zosindikizapo ndi pulinta ya inki yokhala ndi thireyi ya ma CD. Ma CD-RW, ofufutika aja, asiyeni ngati zimbalezo n'zogawira anthu, chifukwa sanyezimira mokwanira ndipo wailesi zambiri zakale siziwawerenga.

Kawotchedwe nakonso kamasokoneza anthu, ngakhale draivu ikhale ya mtengo wanji. CD ya nyimbo yeniyeni imanyamula mphindi 80 ndipo imalira pafupifupi m'wailesi iliyonse ya ma CD. Mukangokokera mafayilo a MP3 pa chimbale ngati mmene mumachitira ndi fulashi, mwapanga chimbale cha mafayilo: chimanyamula 700 MB, nyimbo zoposa 100, koma wailesi yosadziwa MP3 imangochilavula. Mu Windows Media Player kapena m'mapulogalamu aulere monga CDBurnerXP, sankhani Audio CD. Ku situdiyo pemphani mafayilo a WAV a 44.1 kHz ndi 16-bit, ndiwo muyezo wa CD kuyambira pamene Philips ndi Sony anaitulutsa mu 1982. Nyimbo imene yazungulira pa magulu a WhatsApp yafinyidwa kale, ndipo palibe chowotchera chimene chingabwezeretse mawu a besi amene anatayika m'njira. Onetsetsani kuti chimbale chatsekedwa pomaliza kuwotcha, apo ayi chidzalira pa kompyuta pokha. Ngati mwajambula mapemphero kapena nyimbo zolumikizana, sankhani Disc-at-Once kuti pasakhale kampata ka masekondi awiri pakati pa nyimbo.

Pa liwiro, achikulire ena amene anayamba ntchitoyi kalekale amaumirira kuti muziwotcha pa 2x kapena 4x. Zinali zoona pa zimbale za nthawi imeneyo. Za lero zinapangidwira liwiro lapamwamba, ndipo madraivu ambiri atsopano salolanso kutsika chotero. Ine ndimasankha chapakati, 16x kapena yoyandikira pamenepo, ndipo ndimachonga kabokosi koti pulogalamu iwerengenso chimbalecho ikamaliza. Zimawonjezera mphindi zingapo koma mumadziwa chimene mwanyamula.

Nanga kwaya yofuna makope 200 a tsiku lokhazikitsa chimbale? Werengani nokha: mphindi 6 pa chimbale, kuchulukitsa ndi 200, ndi maola 20 munthu atakhala pa mpando akulowetsa ndi kutulutsa, osawerengera zokanika ndi nthawi yopumitsa makina. Draivu yopyapyala siinapangidwire zimenezo. Yaikulu ingapirire, koma munthuyo ndiye atope. Ntchito yotere ndi ya makina okhala ndi madraivu ambiri osanjikizana, amene amakopera chimbale chimodzi pa zimbale 5, 7 kapena 11 nthawi imodzi popanda kompyuta. Kugula makina otere chifukwa cha chimbale chimodzi pa zaka ziwiri si nzeru. Pangani chimbale chimodzi chabwino kunyumba, mupite nacho kwa amene ali nawo, mugwirizane mtengo pa kope, ndipo mufunse mtundu wa zimbale zimene agwiritse ntchito, kapena mupite ndi zanu. Komiti iganizirenso kuti achinyamata ambiri adzafuna nyimbozo pa fulashi kapena pa foni, ndiye makopewo asachuluke kuposa ogula.

Mawu amodzi kwa amene akuganiza zotsegula kabizinesi kowotchera anthu nyimbo. Nyimbo za kwaya yanu, ulaliki wa abusa anu atavomereza, zithunzi za ukwati wa mlongo wanu, zonsezi palibe mlandu. Kuwotcha nyimbo za oimba ena n'kumagulitsa n'kuphwanya lamulo la Copyright and Neighbouring Rights Act, ndipo oimba a kuno ali ndi bungwe lawo la ZIMURA monga mmene a kumudzi alili ndi COSOMA. Ambiri tinaona mmene zimbale zokopera za pa msewu zinagwetsera malonda a oimba m'dziko muno.

Pa kagulidwe, kuitanitsa ku Johannesburg kudzera kwa amalaicha kapena kwa m'bale wobwera pa basi ku Roadport kungakupezetseni mtundu umene kuno kulibe. Koma draivu ili ndi tizigawo toyenda tosachedwa kusokonekera, ndipo ikafika yosagwira ntchito itapanikizidwa pansi pa matumba kuchokera ku Beitbridge, kuibweza n'kovuta kuposa kugula ina. Samalaninso ndi Apple USB SuperDrive yakale imene wina angakutsatseni motchipa: inapangidwira makompyuta a Mac, ndipo pa Windows imavuta popanda mapulogalamu apadera oiyendetsera. Ngati laputopu yanu ili ndi madoko a USB-C okhaokha, onani chingwe chimene chili m'katoni musanalipire.

Popita kukagula, nyamulani laputopu yanu yochajidwa ndi CD-R imodzi kapena ziwiri zopanda kanthu. Auzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, tiyese kaye pompano." Onani dzina mu Device Manager, wotchani nyimbo zokwana chimbale chonse osati ziwiri zokha, chifukwa draivu yofooka imakonda kulephera chakumapeto, kumphepete kwa chimbale. Kenako tulukani nacho mukachiyese m'wailesi ya galimoto yakale kwambiri imene mungaipeze, ndipo mudumphire ku nyimbo yomaliza. Wogulitsa akakana kuti muyese, funsani ngati alemba pa lisiti masiku amene mungabweze katunduyo. Akakananso pamenepo, pitani shopu yotsatira.